Kaundula wa Gulu la Mbuzi

A Yunisi Nachisale anali ndi foni, koma zolembedwa m'fonimo zinkadalira maso a ena. Ikalira ankadziwa pokanikiza, n'kuyankha mokuwa ngati woimbayo ali kutsidya kwa dambo. Ikangoti tii-tii kusonyeza kuti kwabwera uthenga, ankatambasula dzanja kwa aliyense amene wayandikira, kaya ndi kutchalitchi, kuchigayo kapena pamaliro.

"Tandiwerengereni, akuti chiyani?"

M'midzi ya kuseri kwa Nsaru zimenezi si zachilendo. Timalemba ta pafoni n'tating'ono ngati nyerere, ndipo maso a munthu woyandikira zaka makumi asanu ndi limodzi sangalimbane nato. Komanso munthu angabisenji pa kafoni ka mabatani komanga ndi mphira? Mauthenga awo ankakhala a maliro, a feteleza, kapena a anthu ofuna kuti mugule nyimbo zoti okuimbirani azimvera.

Chobisa anali nacho chimodzi chokha, ndipo sichinali pafoni. Kwa zaka zisanu ndi zinayi a Nachisale ankamwa ma ARV. Botolo lake linkakhala m'thumba la nyemba za mbewu kuchipinda kwawo, ndipo pakhomopo panalibe wodziwa. Sikuti ankaopa imfa. Anali ndi mphamvu, ankalima mizere yawo n'kutsiriza atsikana adakali pakati. Chimene ankaopa chinali nkhope ya mwana wawo Fanuel.

Bambo ake a Fanuel, malemu a Kamphinda, anali mphunzitsi wamkulu komanso mkulu wa mpingo. Atamwalira anthu anauzidwa kuti ndi chibayo, nkhani n'kuthera pomwepo. Fanuel anakhoma chithunzi chawo pabalaza, ndipo ngakhale tsopano anali bambo wa pakhomo pake, sankamaliza nkhani iliyonse osanena kuti "abambo ankati". A Nachisale ankadziwa kuti tsiku limene adzamve za iwo, adzamveratu ndi za bambo ake. Ankadziuza kuti adzamuuza okha, tsiku losankha okha, mawu atawakonza bwino. Tsikulo linkangosunthidwa chaka ndi chaka.

Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ankavala chitenje chochapa n'kuyenda wapansi kupita ku Nsaru, ku gulu la Tiyanjane. Kumudzi linkadziwika kuti gulu la mbuzi, ndipo silinali bodza lenileni, chifukwa mamembala ankapatsiranadi mbuzi. Mbuzi ikaswa, mwana ankapita kwa amene alibe. Koma chimene chinawasonkhanitsa anthu makumi awiri ndi atatu aja, ochokera m'midzi yotalikirana dala, sichinali mbuzi. Onse anali pa mankhwala omwewo. Ankakumbutsana masiku a kuchipatala, ankaseka, ndipo ankayankhula momasuka zimene kwawo sakanayerekeza n'komwe.

Pakhomo panali munthu mmodzi amene a Nachisale ankamuchenjerera kuposa onse, mkazi wa Fanuel, Rosemary. Anali mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe amene anabwera kudzalima fodya pa esiteti ina kufupi ndi Kasiya. Kwawo kunalibe munda, choncho Fanuel anangomutenga kudzakhala naye kuno. Ntchito ankaigwira, pamenepo panalibe chomunenera. Koma pakamwa! Rosemary akapita kumjigo ankabwerako ndi madzi komanso nkhani za midzi itatu. A Nachisale ankati mumtima mwawo, uyu akadzangodziwa, ndiye kuti ndalengeza pa wailesi.

M'mwezi wa Juni, tsiku lina m'mawa, amayi anayi anakhala pabwalo la a Nachisale kuthandizana kuthothola mtedza. Foni inati tii-tii m'chitenje. A Nachisale anaitulutsa n'kupatsa Rosemary, poti ndiye anali pafupi.

Rosemary anayang'ana, n'kukhala kaye chete. Zimenezi zokha zinali zachilendo.

"Mwaiwala kuwerenga kodi, amake Thoko?" anafunsa a Nagama, mnansi wawo.

"Ayi, dzuwa likuwala pagalasipa," anatero Rosemary. "Ndi a zanyengo. Akuti kuzizira kupitirira, tifunde zokwanira."

Amayiwo anaseka. Nanga mu Juni kukanatani?

Kuchokera tsiku limenelo Rosemary anasanduka mlonda wa foni ija. Ikangolira, kaya ali kukhola kaya akuchapa, ankatulukira manja ali thovu. Tsiku lina a Nagama anali atatambasula kale dzanja, iye n'kuilanda m'malere.

"Akuti soya wakwera mtengo ku tauni," anatero, osapuma n'komwe.

Ulendo wina anati ndi a nyimbo aja. Ulendo winanso anati ndi a zanyengo, tsopano akuti kudzakhala mphepo. A Nachisale zinawanyansa. Anaona kuti mpongozi wawo wayamba kudzimva, akufuna kudziwa chilichonse cholowa m'nyumba mwawo. Anatsala pang'ono kumuuza Fanuel kuti amulangize mkazi wake, koma anangoti zidutse.

Msonkhano wa Juni sanapiteko chifukwa kunali maliro. Atafika ku Nsaru Lachiwiri loyamba la Julayi, anapeza zinthu zasintha. M'kanyumba ka gulu, m'mene ankakhala pa njerwa ndi pa mphasa, munali mipando ya pulasitiki yatsopano khumi ndi iwiri. Mlembi wa gulu, a Nasoni, anali atavala tisheti yobiriwira yolembedwa kumsana. A Nachisale anakhala pa mpando umodzi n'kumva bwino m'chiuno. Kenako anaona kuti palibe amene akuseka.

Atangopemphera, a Dyson, bambo wosoka nsapato wa ku Kabudula, anaimirira foni ili m'manja. Anali munthu wofatsa, koma tsiku limenelo ndiwo anayamba kuyankhula.

"Ndiwerenge kuti amene sanamve amve," anatero. "Akuti, 'Bambo Dyson, monga membala wa Tiyanjane, inu amene mukumwa ma ARV musavutike. Tili ndi mankhwala a zitsamba owonjezera chitetezo m'thupi. Tikubweretserani pakhomo panu.' Dzina langa, gulu langa, matenda anga. Ndipo Loweruka anabweradi pa njinga yamoto, kufunsa pagolosale kuti a Dyson a ku Tiyanjane amakhala pati."

Ena anatulutsa mafoni awo. Uthenga unali womwewo, kusiyana maina okha.

A Nachisale anadzilimbitsa mtima kuti kwa iwo sunafike, nanga si mwezi wonse ankangolandira za nyengo ndi za soya? Komabe dzanja linapita lokha m'chitenje.

"A Dyson, tandionereni yangayi."

A Dyson anakanikiza pang'onopang'ono, n'kuwerama kuti ena asamve.

"Ulipo, amayi. Wabwera kanayi. Dzina lanu lonse, a Yunisi Nachisale."

"Nanga wa zanyengo? Wa soya?"

"Mulibemo zimenezo. Ndi anayi omwewa basi, ndipo onse ndi otsegula."

A Nachisale anakumbukira Rosemary akuyang'ana pafoni paja ali chete, amayi atatu akudikira mtedza uli m'manja. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo sanadziwe kuti chachikulu n'chiti.

Maso onse anali pa a Nasoni. Bamboyo sanali wakuba, tisamunamizire. Anali munthu wokonda bukhu lake la kaundula, wolemba zilembo zoongoka, amene ankanyadira kuti mlendo akabwera amapeza zonse zili m'malo.

"Abale anga, ine sindinagulitse munthu," anatero akupukuta thukuta m'nyengo yozizira. "Anabwera pa galimoto yolembedwa m'mbali, atavala bwino, n'kunena kuti ndi bungwe la zaumoyo. Nanga bungwe lililonse likabwera sitisayina? A zankhalango tinasayina. A zambuzi tinasayina. Dzina, mudzi, nambala ya foni, kenako fanta ndi banzi. Awa anati tisavutike n'kusayina, angojambula kaundula wathu pafoni. Ndiye anatisiyira mipandoyi ndi matisheti ngati zikomo."

Zimene ankanenazo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka. Kuno pepala likamazungulira pamsonkhano munthu amangofunsa cholembera. Amene sadziwa kulemba amadinda chala, ndipo amene wadumphidwa amakwiya. Palibe amene anafunsapo kuti mapepala onsewo amapita kuti akalowa m'galimoto.

"Koma kaundula wathu si wa zankhalango, a Nasoni," anatero a Dyson. "Pachikuto munalemba nokha kuti ndife ndani."

A Nasoni anayang'ana pansi.

A Nachisale sankakonda kuyankhula pagulu, koma anapezeka ataimirira. Anagwira mpando umene anakhalapo uja.

"Ndiye mipandoyi ndi ife, eti?" anafunsa mofatsa. "Ine zaka naini ndakhala ndikusunga chinthu changa, ngakhale mwana wobala ndekha sindinamuuze. Inu mwachipereka kwa anthu osawadziwa n'dzina lomwe, kuti tikhale pofewa."

Anakankhira mpandowo pambali n'kukakhala pa mphasa. Amayi ena awiri anawatsatira.

A Nasoni anaimba nambala imene inali pa uthengawo, n'kuika foni poti onse amve. Anayankha mtsikana wa mawu okoma. Anati pepani kwambiri, koma iye ndi woimba mafoni chabe, maina ali ku ofesi, ndipo ofesi inagawira kale anyamata a m'madera. Anamaliza ndi kufunsa ngati bambowo angakonde botolo lalikulu kapena laling'ono. A Nasoni anadula foni. Anavula tisheti ija pomwepo n'kutsala ndi malaya a m'kati, koma zimenezo sizinabweze dzina la munthu aliyense.

Gulu linagwirizana kuti kuyambira tsiku limenelo kaundula sadzaonetsedwanso kwa mlendo, ndipo wofuna maina azidzapempha mwini dzina pamaso. Linali lamulo labwino, lobwera mochedwa. Ena anati asintha nambala. A Nachisale anadziwa kuti kwa iwo sizithandiza, chifukwa m'kaundulamo munalinso mudzi wawo.

Njira yobwerera inawatalikira. Anadutsa minda yokolola kale, mapesi ali mbwee, ng'ombe zikudya mwaufulu. Sanapite kunyumba. Anakhotera kudimba, kumene ankadziwa kuti Rosemary akuthirira tomato.

Rosemary atawaona anaika khasu pansi. Anayang'ana nkhope yawo n'kudziwa kuti zadziwika.

"Mwabwerako, amayi?"

"Ndabwerako. Amake Thoko, a zanyengo aja akuti chiyani lero?"

Rosemary anayesa kuseka koma sizinatheke. Anakhala pa mzere n'kupukuta manja pa chitenje.

"Pepani, amayi. Ndinakunamizani. Pamaso pa a Nagama ndikanawerenga bwanji?"

"Bwanji osandiuza tili awiri?"

"Ndinkaopa. Ndinkati mukadziwa kuti ndadziwa, simudzandiyang'ananso kumaso. Mumandiona kale ngati wapakamwa." Anaweramitsa mutu. "Ndinafuna kufufuta, koma ndinati si zanga."

A Nachisale anakhala nawo pansi.

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Ngakhale amuna ako?"

"Si nkhani yanga imeneyo, amayi. Ine ndimakamba za mbuzi ya uje yadya chimanga cha uje. Izi ndi zina." Anathyola kaudzu n'kumakapota m'zala. "Amayi anga ku Kasiya akumwa omwewo, chaka cha khumi chino. Pa esiteti paja munthu wina anaulula, ndipo kwa miyezi itatu palibe amene ankabwereka chikho kwathu. Ndinali wamkulu, ndinaona."

A Nachisale anamuyang'ana mtsikanayo ngati akumuona koyamba. Zaka zisanu ankatseka chitseko cha kuchipinda akamva mapazi ake. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise.

"Koma amayi, bodza landithera," anapitiriza Rosemary. "Nyengo ndanena kawiri, soya ndanena. Tsiku lina idzalira ine ndili kuchigayo, mudzapatsa bambo ake Thoko. Ndiponso lero m'mawa, inu mutangochoka, kunabwera mnyamata pa njinga yamoto, chikwama chili kumsana. Amafunsa a Nachisale a ku Tiyanjane."

"Anakumana ndi Fanuel?"

"Ayi, anali kumunda. Ndinamuuza kuti a Nachisale amenewo anasamukira ku Nambuma chaka chatha. Wapita, koma akafika kumeneko adziwa kuti ndamupusitsa. Abweranso."

Madzi ankatsika pang'onopang'ono m'mizere ya tomato. A Nachisale anamva mkwiyo umene sanaumve ku msonkhano kuja. Tsiku lija ankalisunga, loti adzasankhe okha, anthu anali atawalanda. Mnyamata wachikwama ndi amene tsopano ankawasankhira. Chimene chinatsala m'manja mwawo chinali chimodzi chokha, kuti Fanuel amve kuchokera pakamwa pa mayi ake, osati kwa wogulitsa mabotolo.

"Tiye kunyumba," anatero akudzuka. "Ukakhale pafupi, koma usayankhule."

"Ine kusayankhula?" anatero Rosemary, n'kupukuta m'maso. "Ndiyesetsa."

Anapeza Fanuel akukonza denga la chigafa cha fodya, dzuwa litapendeka. Mayi ake atamuitana anatsika, n'kubwera akudzikuntha udzu m'malaya. Ataona kuti amuyalira mphasa kuseri kwa nyumba, kumene sikudutsa anthu, nkhope yake inasintha.

"Kwagwanji, amayi? Kuli maliro?"

"Kulibe maliro. Khala pansi."

Mawu onse amene anawakonza zaka zisanu ndi zinayi anathawa. Anatsala ndi mawu wamba, ndipo anagwiritsa ntchito omwewo.

"Gulu limene ndimapitako lija si la mbuzi zokha. Ine ndili ndi kachilombo, mwanawe. Ndimamwa mankhwala kuchokera chaka chimene bambo ako anatisiya. Ndili bwino, ukundiona wekha. Ndakuuza lero chifukwa maina athu agwera m'manja mwa anthu amalonda, ndipo akubwera pakhomo pano. Sindinafune kuti umve kwa iwo."

Fanuel anakhala ngati sanamve. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana mkazi wake amene anakhala chapatali atagwira pakamwa, kenako anayang'ana manja ake. Anali munthu wochenjera, sanachedwe kuwerengera zaka.

"Chaka chimene abambo anatisiya," anabwereza. "Ndiye kuti abambo..."

"Inde."

"Munati chibayo."

"Chibayo chinalipodi. Koma chinapeza thupi lotha kale."

Fanuel anadzuka n'kuyenda mpaka pakhola. Anagwira mtengo wa kholalo n'kuima chowafulatira. A Nachisale anamusiya. Ankaona mapewa ake akukwera ndi kutsika, ndipo mtima unkawawawa ngati kuti amumenya ndi dzanja lawo. Apa ndi pamene ankaopa zaka zonsezi, ndipo panalibe chochita koma kudikira.

Atabwerera maso ake anali ofiira. Sanakhale pa mphasa, anangonjuta patsogolo pawo.

"Ankadziwa?"

"Ankaganizira. Ndinawapempha kambirimbiri kuti tipite tikayezetse."

"Ndiye anakana? Abambo, munthu wophunzira, amene ankatiuza ife kuti tisamaope chipatala?"

"Ankati mkulu wa mpingo akaoneka pa mzere umene uja, Lamulungu adzaima bwanji kutsogolo? Anali munthu wabwino, Fanuel, usawachotsere zimenezo. Anakuphunzitsa zoona. Koma ankaopa maso a anthu kuposa matenda."

"Akanapita akanakhala moyo?"

A Nachisale anafuna kunama, kuti amusiyireko kenakake. Koma anali atatopa nako kunama.

"Mwina bwenzi ali pano, akumuona Thoko akupita kusukulu."

Fanuel anaphimba nkhope ndi manja ake akuda ndi udzu wa padenga. Analira mosatulutsa mawu, mmene amalirira amuna akuluakulu. Rosemary anasunga lonjezo lake, sanayankhule. Patapita nthawi Fanuel anachotsa manja kumaso.

"Nanga inu munapita ndi ndani?"

"Ndekha. Patatha sabata ziwiri titawaika m'manda."

"Pa mzere womwewo?"

"Womwewo. Ndinafunda chitenje kumutu, koma ndinaima."

Fanuel anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pa mphasa paja, pafupi kwambiri, mmene sanakhalirepo chikwatirireni, n'kugwira dzanja lawo ndi manja ake onse awiri.

"Bola inu munapita, amayi," anatero. "Bwenzi pano ndilibe aliyense."